Amene Sanafike pa Pauta: Mbiri ya Ana a Alimi m'Sukulu za Mpingo

Mawu akuti "sukulu ya ansembe imakhozetsa" ndi akale kwathu kuno. Amamveka kwambiri kumapeto kwa caka, pamene pauta yapacikidwa pakhoma, ndipo makolo ayamba kuwerenga matumba a cimanga ndi a mbatatesi kuti aone ngati ndalama ya matirikula ndi ya ku lar ingakwane. Mawuwa sitiwatsutsa, pakuti m'midzi yathu muli aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amene makolo awo sankadziwa kulemba dzina, ndipo ambiri a iwo anadzera pakhomo la mishoni. Koma pauta ili ndi diso limodzi. Imaona ana amene anakhala pansi kulemba mayeso; anzawo amene anayamba nawo limodzi n'kutsalira panjira siiwadziwa. Tikafuna kuweruza molungama za kakhozedwe ka ana a amphawi m'sukulu za Mpingo, tiyenera kufunsa m'badwo uliwonse funso lomweli: ndani analoledwa kufika pa tsiku la mayeso?

Ciyambi cake cinali cogwedezeka. Ansembe a Cijezuwiti anatsegula mishoni ya Boroma, m'mbali mwa Zambezi pafupi ndi Tete, mu 1885, ndipo mmodzi wa iwo, Bambo Victor Courtois, anaphunzira cinenero ca anthu a kumeneko mpaka kulemba galamala ndi dikishonale yake. Mu 1909 anakwera mapiri n'kudzamanga Lifidzi kuno ku Angónia. Caka cotsatira ufumu unagwa ku Portugal, boma latsopano linathamangitsa Ajezuwiti, m'malo mwawo munalowa ansembe a ku Germany a cipani ca Verbo Divino, ndipo iwonso anacotsedwa Portugal italowa nkhondo yolimbana ndi Germany mu 1916. Ku Niassa ansembe a Consolata anakhazikitsa Massangulo mu 1928, pamene abale athu a m'mbali mwa nyanja, olankhula Cinyanja ngati ife, anali atayamba kale kuwerenga m'sukulu za Anglikani. Sukulu za nthawi imeneyo zinali za katekisimu, zilembo ndi luso la manja. Za sekondale panalibe amene ankamuganizira mwana wakuda wa kumudzi.

Zinthu zinasintha pa 7 Maio 1940, pamene boma la Salazar ndi Mpando Woyera wa ku Roma anasainirana Konkodati pamodzi ndi pangano la za mishoni, Acordo Missionário. Mu Abril 1941 panatuluka lamulo lolongosola panganolo, Estatuto Missionário. Mwa malamulo amenewa, maphunziro a anthu onse amene boma linkawacha "indígenas", ndiye kuti pafupifupi makolo athu onse, anaikidwa m'manja mwa mishoni za Katolika. Caka comweco ca 1941 Ajezuwiti anabwerera ku Lifidzi, ndipo mu 1945 anayamba Fonte Boa. Timasukulu taudzu tinaculuka m'midzi, kalikonse ndi mphunzitsi wake amene analinso katekisita. Munthu woona ciwerengero cokha angati imeneyi inali nyengo ya dzinthu. Tiyeni tione mmene msewuwo unalambulidwira.

Misewu inali iwiri. Mwana wa Mzungu ndi wa "assimilado" ankalowa sukulu ya boma, kuyenda zaka zinayi mpaka kalasi yacinayi, n'kupita ku liceu. Mwana wa mlimi ankayamba ndi "ensino rudimentar", imene mu 1956 inasinthidwa dzina kukhala "ensino de adaptação": zaka zitatu zophunzira Cipwitikizi, katekisimu ndi kuwerengera pang'ono, asanaloledwe kulowa pulaimale yeniyeni. Panganolo linalamula kuti maphunziro acitike m'Cipwitikizi, ndipo cinenero ca makolo cinaloledwa pophunzitsa cipembedzo cokha. Motero mwana wa ku Dómuè kapena ku Tsangano ankamvetsa bwino za Ubatizo ndi za Malamulo Khumi, cifukwa anazimva m'cinenero ca amake, koma masamu ankangowaloweza ngati nyimbo yacilendo imene sadziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi wake kawirikawiri anali mnyamata amene iye mwini anangofika kalasi yacitatu kapena yacinayi, wolandira malipiro osagula n'komwe nsapato. Ndalama zimene boma linkapereka ku mishoni zinali zocepa, ndipo cotsalaco ana ankalipira ndi khasu m'munda wa mishoni. Kalasi yacinayi inkapezeka makamaka ku likulu la mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu kwa ambiri. Pamwamba pa zonsezi panali malire a msinkhu: mwana amene anayamba mocedwa cifukwa coweta ng'ombe, n'kubwereza kalasi kamodzi kapena kawiri cifukwa ca cinenero, ankapeza khomo la liceu litatsekedwa iye asanakwanitse zaka 15, ngakhale akhale wanzeru motani.

Zotsatira zake zinalembedwa. Eduardo Mondlane, m'buku lake lofotokoza za nkhondo ya ufulu limene linatuluka mu 1969, anaonetsa kuti mu 1959 ana oposa 390,000 anali m'maphunziro a adaptação, koma amene anakwanitsa kuwoloka kulowa pulaimale sanafike 7,000. Ndiye kuti pa ana 100 alionse, owoloka sanakwane awiri. Anachulanso kuti mu 1960 Liceu Salazar ya ku Lourenço Marques, sekondale yaikulu ya dziko lonse, inali ndi ophunzira oposa 1,000, koma akuda anali pafupifupi 30. Pamene mbendera yathu inkakwezedwa mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

Kodi ana onse aja anali mbuli? Anali ana a anthu odziwa kuwerengetsa msonkho wa nyumba, mtengo wa ng'ombe ndi malipiro a ku migodi ya Joni ndi ku mafamu a Rhodesia popanda pensulo. Kulephera kwawo kunakonzedwa m'malamulo iwo asanabadwe, cifukwa boma la atsamunda linkafuna manja olima thonje ndi mapewa a cibalo, osati mitu yofunsa mafunso. Apa ife ana a Mpingo tiyenera kulankhula mosapsatira. Panali ansembe, mabulaza ndi masisitere ambiri amene anathera moyo wawo m'midzi yathu ndi mtima woona, ena mafupa awo ali m'manda athu omwewa. Komabe Mpingo monga bungwe unavomera kusunga kiyi wa khomo limene boma linalipanga dala kukhala lopapatiza. Olemba mbiri ya moyo wa Samora Machel amafotokoza kuti iye, mwana wa banja la Ciprotestanti la ku Chilembene ku Gaza, anauzidwa kuti sangalembe mayeso a kalasi yacinayi pa sukulu ya mishoni popanda kubatizidwa m'Cikatolika, ndipo anabatizidwa kuti alembe. Ophunzira katekisimu aone bwino pamenepa: Ubatizo si ciphaso ca mayeso, ndipo Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican mu 1965 unaphunzitsa momveka kuti munthu asakakamizidwe pa nkhani ya cikhulupiriro. Cimene cinacitika kwa mnyamata uja cinali colakwa, ndipo mabala a mtundu umenewu anadzatuluka mafinya patapita zaka 30.

Nanga mbiri yabwino ija, yakuti kwa ansembe kumakhozetsa, inacokera kuti? Mbali yaikulu inacokera ku seminale. Kwa mnyamata wakumudzi wa zaka za m'ma 1950 ndi 1960, khomo la maphunziro opitirira kalasi yacinayi linali kapena sukulu yosulira aphunzitsi, monga imene inali ku Boroma, kapena seminale yaing'ono. Yathu inali ku Zóbuè, pamalire ndi Malawi, pamsewu wocokera ku Tete kupita ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri inali m'manja mwa Amishonale a ku Afirika, amene timawadziwa ndi dzina lakuti Padres Brancos. Kumeneko ana a alimi ndi a asodzi ankaphunzira Cilatini, Cipwitikizi, masamu ndi mbiri ya maiko, ndipo ankafika pa msinkhu wa nzeru umene boma linkati wakuda sangaufike. Ambuye Jaime Gonçalves, amene pambuyo pake anakhala Arkiepiskopi wa Beira ndi mkhalapakati wa mtendere wa dziko lino, anadzera ku Zóbuè. Ambiri mwa ophunzira a m'maseminale sanafike pa unsembe. Anakhala aphunzitsi, alembi ndi anamwino, ndipo ena anawoloka malire usiku kupita ku Malawi ndi ku Tanzania kukalowa nkhondo ya ufulu. Dziko litalandira ufulu, m'maofesi ambiri a boma munali anthu amene Cipwitikizi cawo cinasulidwa ndi ansembe.

Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana a ku seminale sanali ana wamba a m'sukulu za m'midzi. Anali osankhidwa: wansembe wa pa mishoni ankayang'ana gulu lonse la anyamata n'kutolapo mmodzi kapena awiri, ocenjera, athanzi, ocokera m'mabanja a ukwati wa m'chalichi. Akafika kumeneko ankadya tsiku ndi tsiku, ankagona pafupi ndi kalasi, anali ndi nyali usiku, mabuku ndi aphunzitsi ophunzira kwambiri. Amene wafooka ankabwezedwa kwawo mayeso asanafike. Sukulu yotere singalephere kuonetsa pauta yokongola. Ndipo mwana wamkazi analibe seminale. Kwa masisitere atsikana ankaphunzira kusoka, ukhondo, kulera ana ndi kukonzekera ukwati wacikhristu, zinthu zabwino ndithu, koma amene anapitirira kukakhala aphunzitsi kapena anamwino anali owerengeka.

Zóbuè imatiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo sitiyenera kutaya ciliconse. Coyamba n'cakuti kukhoza kwa ocepa kunagulidwa ndi kusiyidwa kwa ambiri. Caciwiri, cimene cimatilimbitsa mtima, n'cakuti mwana wa mlimi yemweyo, amene kumudzi akanalembedwa kuti wolephera, anangopatsidwa nsima, nthawi, nyali ndi mphunzitsi woona, n'kuyamba kumasulira Cilatini. Umphawi wa makolo sunali m'mutu mwa mwanayo.

Si aepiskopi onse amene anakhutira ndi dongosolo la Konkodati. Ambuye Sebastião Soares de Resende, episkopi woyamba wa Beira kuyambira 1943 mpaka imfa yawo mu 1967, amene dayosizi yawo inaphatikiza Tete mpaka 1962, anadzudzula poyera cibalo ndi ulimi wokakamiza wa thonje, ndipo analimbikira kuti Aafirika aloledwe kufika pa maphunziro apamwamba. Nyuzipepala imene anayambitsa mu 1950, Diário de Moçambique, inalimbana kangapo ndi akuluakulu a boma. Ndiwo anaitana amishonale a maiko ena osati Portugal yokha, pakati pawo Padres Brancos aja. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, ndipo mu 1964 maphunziro a pulaimale anakonzedwanso, koma madzi anali atafika kale m'khosi: nkhondo inayamba caka comweco. Mu 1971 Padres Brancos anacoka m'dziko muno onse pamodzi, ponena kuti sangapitirize kutumikira mu Mpingo umene ukuoneka ngati mkono wa boma la atsamunda.

Pa 24 Julho 1975, patangotha mwezi umodzi cilandirire ufulu, boma linatenga sukulu zonse ndi zipatala zonse. Mishoni zinataya makalasi, ma lar ndi minda pa tsiku limodzi. Akhristu a m'badwo umenewo amakumbukira zaka zimenezo ndi cisoni, ndipo ali ndi cifukwa, pakuti m'malo ambiri machalichi anatsekedwa ndipo ana analetsedwa katekisimu. Koma pa nkhani ya khomo, coonadi cinenedwe: linatsegulidwa. Ciwerengero ca ana a pulaimale cinawirikiza kawiri m'zaka zinayi zoyamba. Vuto linali lakuti aphunzitsi ambiri a sekondale anali atabwerera ku Portugal, mwakuti pa 8 Março 1977 Pulezidenti Machel anaitana ophunzira a makalasi omaliza kuti asiye maphunziro awo akaphunzitse ang'ono awo. Khomo linakula, koma m'nyumbamo munalibe mipando. Mpingo nawo, utalandidwa nyumba, unasonkhana ku Beira mu 1977 n'kusankha kukhala Mpingo wa miphakati ndi wa mautumiki a akhristu eni ake. Cisankho cimeneco cinaoneka ngati sicikhudza sukulu, koma tiona kutsogoloku kuti cinaikhudza.

Kenaka inadza nkhondo ya zaka 16. Sukulu za pulaimale zoposa theka m'dziko lonse zinaonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo cigawo ca Tete cinali pakati pa zovulala kwambiri. Pa 30 Outubro 1985, ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, anaphedwa Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, pamodzi ndi Bambo Sílvio Moreira. M'zaka zotsatira midzi yathu yambiri inasanduka mabwinja, ndipo anthu a Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi: ena kwa abale ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena m'makampu akuluakulu a kumwera.

Kumeneko, kumene kunalibe ngakhale khoma lopacikapo pauta, kunabadwa cinthu cimene ife timaciyesa cimodzi mwa zokoma koposa m'mbiri yonseyi. Bungwe la Ajezuwiti lothandiza othawa kwawo, limene Bambo Pedro Arrupe anayambitsa mu 1980, linaona acinyamata amene anamaliza pulaimale akungokhala, opanda sekondale yowalandira m'cinenero ndi m'maphunziro a kwawo. Linayamba dongosolo lochedwa MOLU, lophunzira ndi timabuku tolembedwa mwadala kuti wophunzira azitha kudziwerengera, m'magulu ang'onoang'ono, mothandizidwa ndi alangizi amene nawonso anali othawa kwawo. Inali sekondale yopanda lar, yopanda munda, yopanda wansembe woima pakhomo kusankha woyenera unsembe. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, anthu anabwerera, ndipo nchitoyo inawoloka nawo malire. Ku Niassa, dayosizi ya Lichinga, m'nthawi ya Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, inaipitiriza ndi dzina lakuti ESAM, Ensino Secundário Aberto Moçambicano, n'kufikitsa sekondale m'madera amene boma linali lisanafikeko. Mawu akuti "aberto", otseguka, akusiyana kutali ndi mzimu wa 1941.

Boma linali litayamba kale kufewa. Papa Yohane Paulo Waciwiri anaceza m'dziko muno mu 1988, ndipo mu 1990 lamulo linalolanso sukulu zosakhala za boma. Pang'onopang'ono nyumba zina zinabwezedwa, zambiri zili zigumugumu. Panabadwa mtundu wa sukulu umene tili nawo lero, "escola comunitária", m'mene Mpingo umasamala nyumba, mwambo ndi lar, pamene boma limatumiza ndi kulipira aphunzitsi ambiri, ndipo maphunziro ndi mayeso ndi a dziko lonse. Mu 1996 Universidade Católica de Moçambique inatsegula zitseko ku Beira ndi ku Nampula, dala kutali ndi Maputo, ndipo pambuyo pake inaika sukulu ya zaulimi ku Cuamba. Kuno kumapiri, Ajezuwiti amanga m'zaka zaposacedwapa Escola Secundária Inácio de Loyola ku Msaladzi, m'boma la Tsangano, yokhala ndi malo ogona anyamata ndi atsikana. Lero mwana wa mlimi wa mbatatesi angathe kuyenda kucokera kalasi yoyamba mpaka ku yunivesite osafunsidwa ngati akufuna unsembe, ndiponso osafunsidwa kalata ya Ubatizo. Agogo athu sakanakhulupirira.

Tsono funso lija libwerera. Pamene sukulu ya Mpingo ya masiku ano ionetsa ana ambiri opeza 10 kapena kuposa pa 20, kodi ndi cifukwa ca zimene sukuluyo imacita, kapena ca ana amene imalandira? Funsoli si lathu tokha. Ku United States, kumene sekondale zambiri za Katolika zili m'makomboni a anthu osauka a m'mizinda ikuluikulu, akatswiri analimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo zimene anapeza zingatithandize ngakhale dziko lawo ndi losiyana ndi lathu. Mu 1982 James Coleman ndi anzake, komanso wansembe wofufuza za cikhalidwe ca anthu, Bambo Andrew Greeley, anaonetsa kuti ana a mabanja osauka, makamaka akuda ndi olankhula Cisipanishi, ankakhoza bwino m'sekondale za Katolika kuposa anzawo a m'sukulu za boma, ndiponso kuti mpata wa pakati pa mwana wa wolemera ndi wa wosauka unali wocepa m'sukulu zimenezo. Otsutsa anayankha msanga kuti kholo limene limadzimana kuti lilipire sukulu ndi kholo losamala kale, ndipo mwana wake akanakhoza kulikonse. Ananenanso kuti sukulu ya Mpingo ingathe kucotsa mwana wovuta pamene ya boma iyenera kumusunga. Mkanganowo sunathe, makamaka pa nkhani ya mapointi a mayeso. Cimene ofufuza ambiri anagwirizanapo n'cakuti ana osauka a m'sukulu za Katolika sankasiyira sukulu panjira kawirikawiri ngati anzawo.

Zifukwa zimene anapereka n'zimene zimatikhudza. Coleman, mu 1987, anati mphamvu yaikulu inali kunja kwa kalasi: makolo a ana aja ankadziwana, ankakumana ku chalichi, ndipo mwana wojomba ankaonedwa ndi akuluakulu ambiri, osati amake okha. Anthony Bryk ndi anzake, mu 1993, anaonjeza kuti sukulu zimenezo zinkaphunzitsa ana onse maphunziro amodzimodzi olimba, osapatula ana a amphawi kuti awa apatsidwe zofewa, ndiponso kuti aphunzitsi ankawadziwa ana ndi maina. Tikaziika pambali pa mbiri yathu, tiona kuti rudimentar inali yotsutsana ndendende ndi zimenezi, pakuti inakhazikitsidwa pa ganizo lakuti mwana wa mlimi amukwanira maphunziro ocepa. Ndipo cimene Coleman anacipeza m'maparishi a m'mizinda ya ku America, ife tinacilandira ku Beira mu 1977 ndi dzina lakuti mphakati. Kusiyana kwake n'kwakuti miphakati yathu imadziwa bwino amene sanapereke ya mtulo ndi amene sanakwatire m'chalichi, koma si yonse imene imadziwa kuti ndi ana angati a m'dera lake amene analembetsa kalasi ya 7 caka catha n'kusowa nthawi yokolola. M'fanizo la Ambuye la nkhosa yotayika, mbusa anadziwa kuti imodzi yasowa cifukwa anali atawerenga zonse 100.

Pali miyala iwiri ya m'nthawi ya atsamunda imene ikali pamsewu. Woyamba ndi cinenero. Mwana amene Cipwitikizi amacimva kusukulu kokha amafika sekondale akuwerenga mawu osawamvetsa, ndipo amalephera fizika ndi mbiri, osati cifukwa ca fizika ndi mbiri, koma cifukwa ca funso limene sanalimve. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa makalasi oyamba m'zinenero ziwiri, ndipo zinenero zimene zinasankhidwa pa kuyesako zinali Xichangana ku Gaza ndi Cinyanja cathu ku Tete. Anaona kuti ana ankayankha, kufunsa ndi kumvetsa kuposa kale, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'dongosolo la dziko. Komabe alipo makolo pakati pathu amene amakana, poopa kuti Cinyanja cicedwetsa mwana. Mantha amenewo ndi colowa ca lamulo la 1940, limene linaphunzitsa agogo athu kuti cinenero cawo n'coyenera pemphero koma osati masamu. N'zodabwitsa kuti ife, amene takhala tikuphunzitsa za Utatu Woyera m'Cinyanja kwa zaka zoposa 100, tikayikebe ngati cingathe kunyamula kucotsera ndi kugawa.

Mwala waciwiri uli pa njira ya atsikana. Kuyambira 2003 panali lamulo la unduna wa maphunziro lakuti mtsikana woyembekezera asamutsidwire ku makalasi a usiku, ndipo kumudzi kopanda magetsi zimenezo zinkatanthauza kusiya sukulu. Lamulolo linafafanizidwa mu Dezembro 2018, ndipo mu 2019 kunabwera lina loletsa kukwatira kapena kukwatiwa munthu asanakwanitse zaka 18. Mu 2018 momwemo lamulo latsopano la maphunziro linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo sekondale tsopano imayambira kalasi ya 7. Kusinthaku kwabweretsa vuto limene makolo akulidziwa bwino: mwana wa zaka 12 kapena 13 ayenera kucoka pamudzi kupita kumene kuli sekondale. Ngati ku lar kulibe malo, kapena thumba la cimanga ndi ndalama zofunika kumeneko zasowa, amakacita lendi kacipinda pafupi ndi msika, kudziphikira yekha, popanda wamkulu womuyang'anira. Atsikana ambiri amene timati analephera sukulu sanalephere mayeso. Anagwa m'tizipinda timeneti, ndipo dzina lawo silinafike pa pauta kuti licepetse ciwerengero ca okhoza.

Apa m'pamene sukulu ya Mpingo ingabwerere ku Zóbuè osazindikira. Malo a ku lar akacepa, n'kosavuta kuwapereka kwa ana amene abwera ndi mapointi apamwamba ndi makolo olipira pa nthawi yake, amene kawirikawiri ndi ana a aphunzitsi, a ogulitsa m'masitolo ndi a alimi akuluakulu. N'kosavutanso kulangiza mwana wofooka kuti asamukire kwina caka ca mayeso cisanafike. Sitikuloza cala sukulu iliyonse. Tikunena za yesero limene limadza kwa aliyense amene mbiri yake imadalira pepala la pakhoma. Oyendetsa sukulu nawo ali ndi zowawa zawo, pakuti nyemba, nkhuni ndi sopo sizigulidwa ndi cifundo, ndipo caka ca sukulu cimayamba m'miyezi imene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama yathera ku feteleza. Koma cikalata ca Msonkhano wa ku Vatican cokhudza maphunziro acikhristu, ca pa 28 Outubro 1965, cinaika zinthu ziwiri poyera: kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo, ndi kuti sukulu za Mpingo zisamale mwapadera osauka, amasiye ndi amene sali a cikhulupiriro cathu. Sukulu imene yalandira ana 100 a m'midzi n'kufikitsa 70 ku mayeso, 50 n'kukhoza, ioneka yotsika pa pauta poyerekeza ndi imene inasankha 40 n'kukhozetsa 38. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, koma kholo lililonse lingathe kuona kuti ndi iti mwa ziwirizi imene yabweza ana ambiri ophunzira kumudzi.

Kuwerengako sikufuna katswiri wocokera ku Maputo. Mu ofesi ya sukulu iliyonse muli buku la matirikula la zaka zitatu zapitazo, ndipo muli pauta ya caka cino ya kalasi ya 9 ndi ya 12. Makolo ali ndi mipando yawo mu Conselho de Escola, ndipo angathe kupempha kuti mapepala awiriwo aikidwe pa tebulo limodzi. Maina amene ali m'buku loyamba koma mulibe m'laciwiri si acilendo: akatekisita ndi atsogoleri a miphakati ya ku Lifidzi, ku Dómuè, ku Fonte Boa ndi ku Msaladzi amadziwa nyumba zawo, amadziwa amene ali ku maganyu a fodya, amene ali pa msika wa pamalire, ndi amene wabereka mwana kumsana.